Zochitika za Ophunzira pa Koleji: Malangizo kwa Makolo ndi Ana Awo m'Boma la Mulanje

MAWU OYAMBA

Pamene mwana wa m'mudzi muno wasankhidwa kukaphunzira ku koleji, kaya ndi pa sukulu ya unamwino ndi uzamba ya pa Mulanje Mission, imene ili m'manja mwa mpingo wa CCAP mu Sinodi ya Blantyre, kaya ndi kutali ku Zomba, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ife makolo timayembekeza kuti adzabwerako ndi satifiketi m'manja. Komatu alipo maphunziro ena amene salembedwa pa pepala lija, ndiwo kudziwa kusonkhanitsa anthu, kusunga chuma cha gulu mokhulupirika, kulandira alendo mwaulemu, ndi kutsiriza chimene munthu wayamba. Maphunziro oterewa mwana amawapeza makamaka pamene iye ndi anzake apatsidwa mpata wokonza okha chochitika chawo, monga tsiku la zisudzo ndi ndakatulo, mpikisano wa makwaya, mtsutso, masewera a mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye, ulendo wa ndawala wopezera ndalama, kapena tsiku lopita kumudzi kukaphunzitsa anthu za umoyo.

Kabuku kano kalembedwa kuti kawerengedwe pakhomo, mwana ali pa tchuthi, bambo, mayi ndi amalume ali pomwepo; pakuti ngakhale chochitikacho chichitikira mkati mwa mpanda wa koleji, ndalama ya chopereka imachoka m'thumba la kholo, mbiri yabwino kapena yoipa imafikanso pakhomo pa kholo, ndipo akulu anati nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Chimene tifuna kunena m'masamba onsewa n'chakuti chochitika cha ophunzira chimakoma pamene chayambika msanga, chagawidwa m'manja ambiri, ndipo ndalama zake zawerengedwa poyera.

1. CHOLINGA CHIKHALE CHIMODZI

Asanalembe kalata ina iliyonse, asanatchule tsiku kapena kupempha tambala kwa munthu, ophunzira akhale pansi nafunsane kuti: kodi anthu akamadzabwerera kwawo madzulo a tsikulo, tifuna adzatenge chiyani mumtima? Ngati yankho lake silingathe kunenedwa ndi mpweya umodzi, ndiye kuti maganizo sanapse. Zochitika zambiri zimagwa chifukwa okonza afuna kuti pa tsiku limodzi anthu asangalale, aphunzire, apikisane, apemphere ndiponso apereke ndalama, kuiwala kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Zitsanzo zili pakhomo pathu pomwe. Mpikisano wothamanga wa Porters Race, umene umachitika mwezi wa Julayi kuyambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, mtunda wa makilomita opitirira 20, unayamba monga mpikisano wa anyamata onyamula katundu ndi operekeza alendo m'phiri la Mulanje, ndipo unakula pang'onopang'ono kufikira lero pamene amuna ndi akazi ochokera kutali amadzathamanga nawo. Chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe, chimene chinayamba kuchitika pa Chonde m'chaka cha 2008, chimasonkhanitsa khamu mwezi wa Okutobala. Zonse ziwirizi zili ndi cholinga chodziwika, malo odziwika ndi mwezi wodziwika, kotero kuti munthu sachita kufunsa kuti kumeneko kukachitika chiyani. Ophunzira safunika kukonza zazikulu chotero, koma atengereko nzeru imeneyi ya kumveka bwino kwa cholinga.

Amene aphunzira za umoyo ali ndi masiku amene dziko lonse lapansi limawadziwa kale: pa 5 Meyi ndi tsiku la azamba, pa 12 Meyi ndi tsiku la anamwino, pokumbukira kubadwa kwa Florence Nightingale m'chaka cha 1820, ndipo pa 1 Disembala ndi tsiku lokumbukira matenda a Edzi. Ena angaitane a bungwe la Malawi Blood Transfusion Service kuti adzalandire magazi kwa ofuna kupereka mwaufulu. Enanso angakonze tsiku lobzala mitengo m'nyengo yake, imene imayamba mu Disembala kufikira mu Epulo, podziwa kuti mkungudza, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984, kwawo ndi pamwamba pa phiri, koma m'midzi ndi m'mphepete mwa mitsinje muyenera mbawa, nsungwi ndi mitengo ya zipatso.

2. KOMITI NDI KUGAWANA NTCHITO

Mutu umodzi susenza denga. Ndipo m'buku la Eksodo timawerenga kuti ngakhale Mose, munthu wa Mulungu, anadzudzulidwa ndi mpongozi wake Yetero chifukwa chosenza yekha milandu ya anthu onse, nalangizidwa kuti asankhe anthu okhulupirika omuthandiza. Chomwechonso wophunzira amene afuna kugwira yekha kalata, ndalama, mipando ndi alendo, adzatopa tsiku lisanafike, ndipo anzake amene anawasiya kunja adzangoimirira patali kuyembekeza kuti aone kugwa kwake.

Komiti isankhidwe poyera, pa msonkhano wa gulu lonse, ndipo isakule kwambiri. Anthu 7 kapena 9 akwanira. Ntchito zake zigawidwe motere:

Wapampando aitanitse misonkhano, amve maganizo a onse, ndipo akhale mlomo wa gulu kwa akuluakulu a koleji.

Mlembi alembe zonse zogwirizana m'kope limodzi, pamodzi ndi dzina la amene walonjeza kuchita chinthu ndi tsiku limene adzachitsirize.

Msungichuma asunge buku la ndalama ndi malisiti.

Wofalitsa uthenga ayang'anire zidziwitso zonse.

Woyang'anira malo aone za holo kapena bwalo, mipando, matenti, magetsi ndi zokuzira mawu.

Woyang'anira alendo ndi chakudya aone za kulandira, kukhazika ndi kudyetsa anthu.

Woyang'anira chitetezo ndi ukhondo aone za pachipata, madzi, zimbudzi ndi thandizo loyamba.

Makolo sadzaona chachilendo pa mndandanda umenewu, pakuti ndi momwe timachitira ukwati ukayandikira m'mudzi: ena ku nkhuni, ena ku mphika, ena kolandira akuchimuna, ndipo ankhoswe akuyang'anira zonse. M'komitimo mukhale anyamata ndi atsikana, a chaka choyamba ndi a chaka chotsiriza, kuti akuluwo akamatuluka pa koleji nzeru isatuluke nawo limodzi. Pakhalenso mphunzitsi mmodzi monga mlangizi, amene ntchito yake ndi kuunikira ndi kuchenjeza, osati kulanda chochitikacho m'manja mwa eni ake.

3. KUSANKHA TSIKU NDI MALO

Munthu wobadwira m'tsinde mwa phiri lino safunika kuuzidwa kuti thambo la Mulanje silipangana ndi munthu. Kuyambira Novembala kufikira Epulo mvula imagwa yambiri, mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi Muloza imadzaza modzidzimutsa, ndipo tonse tikumbukira namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anakokolola milatho, nyumba ndi minda, natenga miyoyo ya abale athu. M'nyengo yomweyonso anthu amatanganidwa m'minda ya chimanga ndi kothyola tiyi, kotero kuti kuwaitana kubwalo n'kuwachotsa pa chakudya chawo. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yamawawa imene imatha kukhala masiku angapo osaleka. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi youma, koma dzuwa lake limafuna mthunzi ndi madzi akumwa okwanira. Chifukwa chake, mwezi uliwonse umene musankha, chochitika cha pabwalo chikhale ndi holo kapena tchalitchi chimene mwapempheratu, choti anthu athawiremo thambo likasintha.

Tsiku lisayandikane ndi mayeso, kapena ndi masabata amene ophunzira ambiri amakhala m'zipatala ndi m'malo ena ophunzirira ntchito, pakuti chimene kholo linatumira mwana ku koleji ndi maphunziro. Lisagundanenso ndi chikondwerero cha pa Chonde kapena mpikisano wa m'phiri, kuopa kulimbirana anthu, magalimoto ndi zokuzira mawu. Kumbukiraninso kuti pakati panu pali Asilamu amene amaswali Lachisanu ndi kusala m'mwezi wa Ramadani, pali a Seventh Day amene amasunga Loweruka, ndi ena ambiri amene amapembedza Lamulungu. Tsiku lokomera onse ndi losowa, koma kufunsa maganizo awo musanasankhe ndi ulemu umene sudzaiwalika. Ngati pakhomo padzakhala polipira, kumapeto a mwezi, pamene anthu a m'maesiteti ndi m'maofesi alandira malipiro, n'kwabwino koposa pakati pa mwezi.

4. CHILOLEZO NDI ULEMU KWA ENI MALO

Safunsa adadya phula. Kalata yoyamba ipite kwa mkulu wa koleji kudzera mwa mlangizi, ndipo inene cholinga, tsiku, malo, alendo oyembekezeka ndi kumene ndalama zidzachokere. Musalengeze kanthu yankho lolembedwa lisanabwere. Pa koleji ya mpingo, abusa a pamalopo amvenso nkhaniyo kuchokera kwa inu eni ake, asaimve m'mphepo.

Ngati chochitikacho chidzatuluka kunja kwa mpanda, pitani kwa nyakwawa ya mudziwo, mutsagane ndi munthu wamkulu wodziwa mwambo, ndipo anyakwawa adzakuuzani ngati nkhaniyo iyenera kukwera kwa agulupu kapena kwa mfumu yaikulu, monga a Mabuka, a Chikumbu, a Nkanda kapena a Njema, malinga ndi dera limene muli. Ulendo wa ndawala wodutsa mumsewu waukulu ufuna kalata kwa bwanamkubwa wa boma ndi kwa apolisi. Lamulo la apolisi la chaka cha 2010 limanena kuti chidziwitso cha msonkhano kapena ulendo wa pamsewu chiperekedwe kusanatsale maola 48, koma wanzeru amapita kukadali sabata yathunthu kapena kuposerapo, kuti apolisi apamsewu akonzeke kudzaperekeza. Ngati mudzaimba nyimbo za oimba ena pa chochitika cholipiritsa, funsani ku bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti liteteze ntchito za aluso, pakuti wantchito ayenera malipiro ake.

Magule a makolo afuna ulemu wapadera. Tchopa, amene bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse m'chaka cha 2014, ndi gule wa nsembe pakati pa Alhomwe, ndipo ali ndi eni ake. Ngati mufuna kuti avinidwe, itanani gulu lodziwa, mulipatse chakudya ndi choyendera, kusiyana ndi kumusandutsa choseketsa. Ngati ndi ulendo wa kuphiri, limene m'chaka cha 2025 linalembedwa pakati pa malo a mbiri a dziko lonse lapansi, lembetsani maina ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, tengani operekeza odziwa njira, ndipo pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi ndi akuya ndi ozizira, wosadziwa kusambira asalowemo. Nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, si ya gulu lalikulu lopita ndi kubwerako tsiku limodzi.

5. NDALAMA

Apa ndi pamene maubale amathera ndi mbiri za mabanja zimaipira, ndipo n'chifukwa chake tikhalitsapo. Ambuye Yesu, monga mwa Uthenga wa Luka, anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi kuwerengera mtengo wake, kuopa kusekedwa atalephera kutsiriza. Komiti ilembe mbali ziwiri pa pepala limodzi: mbali ina zonse zofunika kugula kapena kubwereka, pamodzi ndi mitengo imene mwaifunsa ndithu kwa ogulitsa awiri kapena atatu pa Chitakale kapena pa boma, mbali inayo ndalama zimene muli nazo m'manja. Lonjezo la munthu si ndalama, ndipo matikiti amene sanagulidwe si ndalama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa kwacha 10 iliyonse patulani kwacha imodzi ya zogwa mwadzidzidzi, monga mafuta a jenereta magetsi akazima.

Pofuna thandizo, lembani makalata osainidwa ndi wapampando ndi mkulu wa koleji, opita ku maesiteti a tiyi, kwa eni sitolo, ku mabanki, ku mabungwe ogwira ntchito m'boma lino, ndi kwa amene anaphunzirapo kale pa kolejiyo. Nthawi zambiri n'kwapafupi kuti munthu akubwerekeni galimoto, mipando kapena tenti, kapena akupatseni tiyi ndi shuga, kusiyana ndi kukupatsani ndalama. Choncho pemphani chinthu chodziwika ndi dzina lake. Wothandiza aliyense mumufunse chimene ayembekeza kwa inu, ndipo ngati thandizo lake lidza ndi chingwe, monga kusandutsa tsikulo msonkhano wa chipani kapena msika wa mowa, mulikane mwaulemu.

Mtumwi Paulo, ponyamula zopereka za mipingo kupita nazo ku Yerusalemu, sanafune kuyenda nazo yekha, koma anatsagana ndi abale osankhidwa ndi mipingoyo, kuti pasapezeke womunenera zoipa. Malamulo anu akhale awa:

Ndalama iliyonse yolowa ilembedwe tsiku lomwelo, ndipo wopereka alandire lisiti.

Ndalama isatuluke popanda anthu awiri kusaina.

Ngati mulandira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala ikhale imodzi yokha, yolengezedwa kwa onse, ndipo mauthenga ake asafafanizidwe kufikira mlangizi atawaona.

Ndalama zambiri zisagone m'chipinda cha wophunzira. Zisungidwe ku ofesi ya zachuma ya koleji kapena ku banki.

Matikiti akhale ndi manambala ndi chidindo. Ogulitsa akhale ena, olandira pachipata akhalenso ena.

Ndalama ya gulu isabwerekedwe kwa munthu aliyense, ngakhale wapampando.

Malamulowa alipo kuti amtchinjirize msungichuma ku mayesero ndi ku miseche, ndipo wokhulupirika amawakondwerera.

6. KULENGEZA NDI KUITANA ANTHU

Chakudya chokoma chopanda oitanidwa chimangosasa mumphika. Uthenga wanu uyankhe mafunso asanu: n'chiyani, liti, kuti, kulowa n'zingati, ndipo akonza ndani. Ukhale waufupi, woona, ndiponso wofanana paliponse pamene wamveka; musalonjeze woimba kapena mlendo wolemekezeka amene sanavomere mwa kalata, pakuti anthu onamizidwa kamodzi sabweranso chaka chamawa.

Pa koleji pomwepo, lengezani pa msonkhano wa ophunzira onse, m'makalasi, m'chipinda chodyera ndi m'magulu a mapemphero monga SCOM ndi YCS, ndipo matani zidziwitso pa bolodi. Pa WhatsApp ndi Facebook uthenga uchoke kwa munthu mmodzi, wofalitsa uthenga uja, kuti masiku ndi mitengo zisasiyane. Chithunzi chikhale chopepuka, pakuti ambiri amagula intaneti ya tsiku limodzi. Musaike chithunzi cha munthu amene sanavomere, ndipo ophunzira za umoyo asajambule wodwala ngakhale pang'ono pofuna kukometsa uthenga.

Koma anthu a m'midzi yozungulira sadzafika chifukwa cha foni yokha. Kalata yowerengedwa m'tchalitchi ndi mumzikiti milungu iwiri yotsatizana, mawu a anyakwawa pabwalo, chilengezo pa wayilesi ya Mzati, ndi ophunzira awiri oyenda ndi chokuzira mawu tsiku la msika pa Chitakale, pa Limbuli, pa Nkando kapena pa Chonde, zimenezi ndizo zimadzaza bwalo. Anyamata a kabaza amafika kumene galimoto silifika; muwauze bwino, pakuti iwonso adzapeza okwera tsikulo. Zidziwitso zomata zilembedwe m'Chichewa ndi zilembo zazikulu, zimatidwe pamene mwini malo walola, osati kukhomera misomali m'mitengo, ndipo zidzachotsedwe chochitika chikatha. Mlendo wolemekezeka, mafumu, abusa ndi mashehe aitanidwe ndi kalata yoperekedwa pamanja, ndipo akumbutsidwe kutatsala masiku atatu.

7. NDONDOMEKO YA MASABATA

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Chochitika chapakatikati chifuna masabata 8:

Kutatsala masabata 8: gwirizanani cholinga, sankhani komiti, lembani kalata kwa mkulu wa koleji.

Kutatsala masabata 6: tsirizani kuwerengera ndalama, tumizani makalata opempha thandizo, sungitsani malo.

Kutatsala masabata 4: kaoneni mafumu, itanani alendo, yambani kulengeza ndi kukonzekera zisudzo, nyimbo kapena masewera.

Kutatsala masabata 2: dziwitsani bwanamkubwa ndi apolisi ngati kufunika, gulitsani matikiti, lengezani pa wayilesi ndi m'mapemphero, ndipo ngati ndalama zaperewera, chepetsani chochitikacho tsopano, musakongole.

Sabata yotsiriza: yeserani zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, yesani zokuzira mawu ndi jenereta, kumbutsani alendo, ndipo aliyense adziwe pamene adzaime.

8. TSIKU LENILENILO

Komiti ifike kukadali mbandakucha, ndipo mwambo uyambe pa nthawi imene munalengeza, pakuti kusunga nthawi ndi ulemu kwa iwo amene anafulumira. Woyendetsa mwambo akhale ndi ndondomeko yolembedwa, adziwe maina ndi maudindo a alendo monga mwa ukulu wawo, ndipo olankhula akhale ochepa, aliyense atauzidwiratu mphindi zake. Okalamba, amayi oyembekezera ndi anthu aulumali apatsidwe mipando ya pamthunzi, pafupi ndi potulukira.

Pa ukhondo pasakhale chinyengo. Mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa kuti khamu, chakudya ndi madzi osatetezedwa zikakumana, maliro sakhala patali. Pachipata, pa zimbudzi ndi pa malo odyera pakhale ndowa za mpopi ndi sopo; madzi akumwa akhale othira mankhwala kapena owiritsa; chakudya chiperekedwe chikadali chotentha, ndipo thobwa, mandasi ndi nanazi wosenda zikhale zovundikira. Zimbudzi za amuna ndi za akazi zisiyane, ndipo pakhale madengu a zinyalala. Pakhale bokosi la thandizo loyamba, munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito, ndi galimoto kapena njinga yamoto yokonzeka kuthamangira kuchipatala cha mishoni kapena cha boma.

Mowa ndi chamba zisalowe pachipata. Pemphani achitetezo a koleji ndi a m'mudzi kuti akuthandizeni. Zitseko za holo zisakhomedwe anthu ali mkati, ndipo musalowetse anthu oposa amene holoyo ingathe kulandira. Chochitika choitana anthu a kumudzi chithe dzuwa likadalipo, kuti ana ndi atsikana afike kwawo kukuwala. Ndipo pakhale mphunzitsi wamkazi wodziwika kwa onse, amene mtsikana aliyense wovutitsidwa angathe kumufikira mosaopa.

9. CHOCHITIKA CHIKATHA

Ntchito siitha pamene ng'oma yaleka. Madzulo omwewo ndalama ziwerengedwe pamaso pa anthu atatu ndi mlangizi, ndipo onse asaine. M'mawa mwake bwalo lisesedwe, mipando, miphika ndi matenti zibwezedwe zili zoyera, ndipo chimene chasweka chinenedwe ndi kulipidwa; akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Sabata isanathe, makalata othokoza apite kwa onse amene anathandiza, ngakhale amene anapereka dengu limodzi la nthochi, ndipo pepala loonetsa ndalama zolowa, zotuluka ndi zotsala limatidwe pa bolodi kuti wophunzira aliyense aliwerenge. Ngati munalonjeza kuti phindu lidzagula zofunda za odwala kapena mabuku a sukulu ina, kaperekeni msanga, pamaso pa mboni. Potsiriza komiti ikhale pansi nilembe zimene zinayenda bwino ndi zimene zinavuta, ndipo kope limenelo, pamodzi ndi makalata onse, lisiyidwe kwa komiti ya chaka chotsatira.

10. GAWO LA MAKOLO

Inu bambo ndi mayi, inu amalume eni mbumba ndi inu azakhali, mwana akakuimbirani foni kupempha ndalama ya chochitika, musafulumire kukalipa, musafulumirenso kutumiza. Mufunseni modekha kuti chochitikacho n'chotani, chidzachitika liti ndipo kuti, mphunzitsi woyang'anira ndani, ndipo lisiti adzalandira kwa yani; mwana amene ali m'zoona adzayankha mosajejema, ndipo mafunso anuwo adzamuphunzitsa kufunsanso anzake. Ndalama ya fizi ndi ya chakudya isakhudzidwe chifukwa cha chikondwerero, ndipo banja lisalowe m'katapira kuti mwana aoneke bwino pakati pa anzake. Ngati ndalama palibe, nenani zoona, ndipo perekani chimene muli nacho: nkhuni, ufa, nandolo, chinangwa, mphasa zokhalira, kapena manja anu pa tsiku lophika. Amayi a geni angapemphe malo kwa komiti kuti adzagulitse zitumbuwa ndi zipatso, atasunga malamulo a ukhondo.

Mwana wanu akasankhidwa kukhala msungichuma, mulangizeni kolimba, ndipo inu eni musamupemphe ngongole pa ndalama ya gulu, ngakhale pakhomo patagwa vuto lotani. Akasankhidwa kukhala wapampando, mukumbutseni kuti wofuna kukhala wamkulu akhale mtumiki wa onse. Mukaona kuti zochitika zayamba kudya nthawi ya maphunziro ake, mubwezeni mwachikondi. Ndipo mukaitanidwa, pitani, mukhale pansi, muone ntchito ya manja a mwana wanu; muyamikirenso ana a ena amene makolo awo ali kutali, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

MAWU OTSIRIZA

Anamwino, aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi akalaliki amene adzatumikira boma lino m'zaka zikudzazi ndi ana omwewa amene lero akuphunzira kulemba kalata kwa anyakwawa ndi kuwerenga ndalama za pachipata. Ndipo iye amene wazolowera kuonetsa lisiti la makwacha ochepa ali pa koleji, sadzavutika kuonetsa buku la mankhwala a chipatala kapena la thumba la chitukuko atakula. Chifukwa chake tikupemphani, inu akuluakulu a makoleji, apatseni ophunzira mpata. Inu ophunzira, yambani msanga, gawanani ntchito, ndipo werengani ndalama poyera. Inu makolo, werengani kabuku kano pamodzi ndi ana anu asanabwerere kusukulu, ndipo mukatha mukabwereke banja loyandikana nalo.